Mmene Ndinakhozetsera Mwana Wanga Mayeso a Sopo

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, ndiye anayamba kulowa ofesi pabanja pathu. Atamaliza maphunziro ake ku Blantyre anakhala chaka chathunthu akungoponya makalata ofunsira ntchito, ine kuno ndikugwada. Ndinkamupempherera m'mawa ndisanatsegule chitseko, ndinkamupempherera kumunda khasu lili m'manja, mpaka amayi anzanga a kumpingo anazolowera. Ndikangoimirira pa msonkhano wathu wa Lachinayi ankayamba okha kunena kuti, "Ntchito ya mwana," ine ndisanatsegule pakamwa.

Tsiku lina foni inalira ndikukumba mbatatesi. Mwana uja anangoti, "Amayi, andilemba." Ndinakhala pansi pamzere pomwepo n'kuyamba kuimba ndekha, mbuzi zikundiyang'ana.

Koma ntchitoyo sindinaimvetse msanga. Anati kampani yawo sigulitsa kanthu. Anthu opanga katundu, kaya sopo, kaya mafuta ophikira, ndiwo amaituma kuti ikafunse anthu zimene akuganiza pa katunduyo.

"Ndiye azikulipira chifukwa chofunsa mafunso basi?" ndinatero.

"Eya amayi, koma mafunsowo ndizikonza ndine. Kukonza funso si masewera."

Ndinaseka chamumtima. Mwana ameneyu kuyambira ali wamng'ono anali wamafunso. Nkhuku imagona bwanji osagwa? Abusa amalapa kwa ndani? Ndinkamukalipira tsiku ndi tsiku kuti atseke pakamwa, osadziwa kuti Mulungu anaika chakudya chake pakamwa pomwepo.

Anandiuzanso chinthu chimene ndinachisunga mumtima. Miyezi itatu yoyamba inali yomuyesa. Akaona kuti akutha, amukhazika. Akaona kuti sakutha, abwerera kwawo kukalima mbatatesi ndi amake.

Mwezi wachitatuwo, nyengo yozizira manachesi atapsa, anatulukira kumudzi. Minibasi inamusiya pa boma, n'kukwera njinga yamoto mpaka kwathu, ndipo anafika ali psuu ndi fumbi, nsidze zomwe. Kumbuyo kwa njingayo anamangirira katoni. Mukatonimo munali mitanda ya sopo watsopano, wofiirira ngati maluwa a mapichesi, fungo lake lomveka katoni isanatsegulidwe.

Anandifotokozera dongosolo lake. Apatsa amayi makumi awiri mtanda umodzi umodzi kuti augwiritse ntchito sabata imodzi. Kenako abweranso kudzawafunsa mafunso amene analemba yekha. Uku kunali kuyesa mafunsowo. Akayenda bwino, abwana ake atumiza anthu kukafunsa mafunso omwewo m'maboma ena. Anasankha mudzi wakwathu poganiza kuti kuno anthu samuopa, amuuza zoona.

Anandionetsa pepalalo. Funso lililonse linali ndi tinkhope tisanu tondandalika. Yoyamba ikuseka mano onse pamtunda, yachiwiri ikungomwetulira, yapakati ili duu, yachinayi yakwinya, yomaliza ngati munthu amene waluma ndimu. Woyankha ankayenera kuloza nkhope imodzi, iye n'kuchonga m'kabokosi kapansi pake. Funso lomaliza linalibe nkhope. Linkangoti, "Kodi mukufuna tisinthe chiyani pa sopoyu?" ndipo pansi pake panali mizere yolembapo.

Tsono ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma pepala la timabokosi tochonga ndimalidziwa. Amenewo ndi mayeso. Ndipo ndimadziwa mmene mayeso a alendo amayendera. Kusukulu kwathu, woyendera sukulu akati abwera, aphunzitsi ankatiphunzitsiratu mafunso ndi mayankho ake masiku awiri, mpaka timayankha ngati nyimbo. Palibe ankati kumeneko n'kuba. Kunali kukonzekera mlendo, chimodzimodzi kusesa pabwalo. M'mutu mwanga zinalowa motere: sopo akayamikiridwa, opanga sopo asangalala, iwo akasangalala, abwana asangalala, abwana akasangalala, mwana wanga wakhoza.

Atagawa sopo uja, ponyamuka anandiyang'ana m'maso. Mwana wako amakudziwa.

"Amayi, musauze munthu chilichonse chokhudza pepalali."

"Ine? Ndiuze ndani? Ndikudziwapo chiyani ine za maofesi?"

Njinga yamoto isanazimirire kuseri kwa phiri, ine ndinali kale pakhomo pa alamu anga.

Alamu angawa ndi akazi a achimwene anga aakulu. Pamudzi pano ukwati sungaphikidwe popanda iwo, ngakhale sanaitanidwe. Amakonda kulongosola zinthu, ndipo pakamwa pawo sipadziwa tchuthi. Nditawafotokozera anangomanga chitenje n'kunena kuti, "Mwana ameneyu ndinamusambitsa ndine tsiku lobadwa. Alephere mayeso ine ndili moyo?"

Lachinayi titamaliza mapemphero tinapempha amayi onse amene analandira sopo kuti atsalire. Tinakhala kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa mapeyala. Ine ndinatenga kamtengo n'kujambula nkhope zisanu zija pa dothi. Sindine katswiri wojambula, koma woseka ankaoneka kuti akuseka.

"Mwana akabwera, akakufunsani chilichonse, mulozeni uyu," ndinatero. "Thovu, uyu. Fungo, uyu. Kulimba, uyu yemweyu."

Palibe anatsutsa. Wina anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, onse n'kuvomera. Koma mayi amene amatitsogolera nyimbo anafunsa za funso lomaliza, lopanda nkhope lija.

Alamu sanachedwe. "Pamenepo muzingoti: Palibe, Mulungu adalitse kampani."

Anakweza dzanja ngati mmene amachitira otsogolera kwaya, amayi n'kubwereza. Anabwerezanso kachiwiri, kachitatu. Anthu oimba sachedwa kugwira mawu. Pofika kachinayi ena anali atayamba kuyankha ndi mawu apansi, ena apamwamba, moti zinkakoma kumva. Tinatseka ndi pemphero, ndipo ndikuvomera kuti amene anapemphera ndine.

Ndinene pano kuti sopoyo nanenso ndinamugwiritsa ntchito, ndipo ndinaona zimene ndinaona. Koma chinthu chopatsidwa ndi mlendo, kuno sitichinenera zoipa. Munthu akakupatsa nkhuku yowonda, umati zikomo, nkhuku yonona bwanji. Zinazo umakalankhula kumtsinje.

Sabata itatha mwana uja anabwera. Anayenda nyumba ndi nyumba kuyambira m'mawa, mapepala ali m'chikwama, ine ndili pakhonde kusankha mbatatesi zambewu ngati munthu wosalakwa. Anabwerera dzuwa litapendeka, n'kukhala pafupi nane akutembenuza mapepala aja.

"Amayi, sopo ameneyu ndi wabwino choncho?"

"Wofufuza ndiwe. Ine ndidziwa bwanji?"

"Onse aloza nkhope yoyamba. Ngakhale azakhali, alamu anu aja, amene amanyoza ndi mvula yomwe."

"Ndiye kuti wawakomera," ndinatero, maso ali pa mbatatesi. Mumtima ndinkati, Ambuye zikomo, mwana wakhoza zonse, palibe ndi chimodzi chomwe chimene walakwa.

Patapita masiku atatu foni inalira. Mawu ake anali apansipansi, ngati akulankhulira kuseri kwa chitseko.

"Amayi, zinthu sizili bwino. Abwana awerenga mapepala aja. Akuti anthu makumi awiri sangayankhe mofanana chonchi, mpaka mawu omaliza kufanana ngati anakopera. Akuti pali ziwiri. Kapena ndinakhala pansi pa mtengo n'kudzaza ndekha mafomu osafunsa munthu, kapena ndinawauziratu anthu zoyankha. Pa ntchito yathu zonse ziwirizi amachotsa nazo munthu."

Ndisanayankhe, anapitiriza.

"Abwera okha Lachisanu kudzafunsa amayiwo. Ine ndinafunsa aliyense, amayi. Sindinauze munthu kanthu. Mulungu ndi mboni."

"Ndikudziwa, mwanawe," ndinatero. Ndinkadziwadi, kuposa mmene iye ankaganizira. Mtengo unalipo ndithu, koma amene anakhala pansi pake ndinali ine. Sindinaulule. Ndinangomuuza kuti ndimupempherera, n'kudula foni.

Munthu wanzeru akanalapa pomwepo. Ine ndinathamangira kwa alamu.

Anamvetsera atagwira chibwano. Kenako anati, "Vuto n'lochepa ili. Tinalakwitsa kuwapatsa nkhope imodzi. Abwanawo akufuna zosakaniza. Tigawe. Asanu aziseka, asanu azimwetulira, ena akhale duu, ena akwinye. Awiri atatu alume ndimu. Basi, nkhani yatha."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinakana. Sindinakane. Ndinati alamu, Mulungu anakupatsani mutu.

Lachinayi tinakhalanso pansi pa mtengo uja. Ndinajambulanso nkhope zija, alamu n'kuyamba kugawa. Oseka anapezeka msanga. Omwetulira anapezekanso. Atafika pa wokwinya, anthu anayamba kuyang'ana kumwamba ngati mapeyala awaitana.

"Inu achemwali, mutenge woluma ndimu," alamu anauza mayi wina wamasiye amene amakhala kumunsi kwa mjigo.

"Ine? Sopo andipatse ulele, ndiye ndikaime pamaso pa abwana ochokera ku Blantyre n'kunena kuti ndi woipa? Mukufuna akanene kuti ku Neno kuli mayi wosayamika? Tengani inuyo, nkhope yake mwafanana nayo kale."

Anthu anaseka, alamu n'kufufuma. Anayesa wina, anakana. Anayesa wina, anati amuna ake sangalole. Tinakangana pamenepo kwa nthawi, mpaka mayi wotsogolera nyimbo uja anati, "Ine nkhope yoipa sinditenga, chifukwa ine sopoyu ndilibe naye vuto. Kungoti apongozi anga akuti chitsukireni makapu ndi sopo ameneyu, tiyi akumveka maluwa."

Kenako mayi wamasiye uja anati, "Inenso ndilibe naye vuto. Koma aneba anga akuti ukamuika pamwala n'kutembenuka kuti ufinye chovala, umapeza watsala theka."

Aneba awowo anali pomwepo, atakhala mogundana nawo. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ine ayi, kwa ine ali bwino. Koma aneba anga akuti makoswe akumukonda kuposa chimanga."

Ndiye zinatseguka ngati dziwe laphulika. Aliyense analibe vuto. Aliyense anali ndi apongozi, aneba, kapena mng'ono wake wokwatiwa ku Matope amene anali ndi vuto. Ine ndinangokhala kamtengo kali m'manja, ndikumvetsera. Zimene mwana wanga anayendera mudzi wonse kuzifuna zinali kukhuthukira pa dothi, popanda wolemba. Nkhope sitinagawane. Tinabalalika tikuseka, koma ine kuseka kwanga kunali kwa pakamwa pokha.

Lachisanu m'mawa ndinagwada monga mwa masiku onse. Ndinayamba bwinobwino, kuthokoza chifukwa cha moyo, chifukwa cha ana. Nditafika pa ntchito ya mwana, mawu anatha. Ndikanapempha chiyani? Kuti Mulungu atseke maso a abwana? Ntchito imeneyi ndinaipempha chaka chathunthu, Iye n'kundipatsa, ine n'kuitenga kukaiika pamoto ndi manja angawa. Ndinadzuka pemphero lisanathe, n'kukasesa pabwalo.

Galimoto inafika chakumasana. Abwanawo anali mzimayi, wamfupi, wovala magalasi ndi nsapato zoyenera fumbi. Sanali munthu waukali pankhope. Mwana wanga anatsika pambuyo pawo ataonda m'masiku ochepa omwewo. Ndinawapatsa mpando, tinalonjerana, ndinawaikira manachesi m'mbale. Atasenda limodzi ndinakhala pamphasa pafupi ndi mapazi awo.

"Abwana, musanapite kukavutitsa anthu, wolakwa ali pano. Mwanayu sanauze munthu kanthu. Ndinawauza ndine."

Ndinafotokoza zonse, mtengo wa mapeyala, nkhope za pa dothi, mawu omaliza aja. Za kugawana nkhope dzulo lake ndinanenanso, poti ukalapa sulapa theka.

"Amayi!" Mwana wanga ananena liwu limodzi lokhalo. Kenako anatembenukira kumbali, n'kumayang'ana khola la mbuzi ngati sanalionepo.

Abwana anamaliza kutafuna, n'kulavulira njere m'dzanja. "Mayi, ndamva. Koma nanenso ndine kholo. Mayi aliyense akhoza kusenza mlandu wa mwana wake. Ndidziwa bwanji kuti simukungomuteteza?"

Izi sindinaziyembekezere. Munthu ulape, n'kusakhulupiriridwa. Ndinaganiza pang'ono, kenako ndinati, "Tiyeni kumtsinje."

Lachisanu amayi ambiri amachapa, kukonzekera mapemphero. Tinatsetsereka ndi kanjira ka m'munda wa nandolo, abwana patsogolo, ine pakati, mwana wanga kumbuyo. Podutsa pakhomo pa alamu ndinawakodola. Anabwera akupukuta manja, akuganiza kuti mwina pali chakudya choti alongosole.

Kumtsinje tinapeza amayi oposa khumi a gulu lija, zovala zili mbwee pamiyala ndi pa udzu. Ataona mlendo anasiya kuchapa, n'kupereka moni mmodzimmodzi. Ine ndinati, "Alamu, kwezani dzanja ngati tsiku lija."

"Dzanja lanji?"

"Ndaulula kale. Kwezani."

Alamu anandiyang'ana ngati ndawagulitsa pamsika. Koma dzanja la munthu wokonda kutsogolera silikana. Linakwera lokha. Ine ndinafunsa mokweza kuti, "Kodi mukufuna tisinthe chiyani pa sopoyu?" Dzanja litatsika, mtsinje wonse unayankha pamodzi, mawu apansi ndi apamwamba: "Palibe, Mulungu adalitse kampani."

Abwana anavula magalasi. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anayesa kudzigwira, koma zinakanika, mpaka anakhala pamwala n'kumapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Amayi nawo anayamba kuseka, osadziwa bwinobwino ngati akhoza kapena alakwa.

Atapuma anati, "Chabwino, ndakhulupirira. Izi mwana wa kuofesi kwathu sangaphunzitse. Koma mayi, mlandu umodzi watha, wina udakalipo. Ine ndinatuma mwanayu kuti andibweretsere mafunso ogwira ntchito. Mpaka pano sindikudziwa ngati mafunso akewa amatha kutulutsa zoona, chifukwa anthu ake mwawaononga."

Anatenga pepala limodzi, n'kuitanira pambali mayi wamasiye uja. Anamuuza mofatsa kuti aiwale zonse zimene anauzidwa, anene za mumtima mwake, palibe amene akwiye. Anamufunsa za kulimba kwa sopo. Mayi uja anayang'ana nkhope zisanu zija, anayang'ana abwana, n'kuloza woseka. Anamupempha kuti aganizenso. Anasuntha chala pang'ono n'kuloza womwetulira, ndipo ankaoneka ngati wachita chipongwe chachikulu.

"Mwaona?" abwana anatero.

"Pepani abwana," ndinatero, "ine kulakwa ndalakwa, koma apa pokha si ine. Ngakhale ndikanakhala chete, kuno palibe akanaloza woluma ndimu. Mwamupatsa munthu sopo, mwabwera pa galimoto, mwavala magalasi, ndiye akuuzeni pamaso kuti mphatso yanu ndi yoipa? Amake anamulera bwanji? Mundilole ndimufunse kamodzi kokha."

Anandilola. Ndinati, "Achemwali, inu tamva, mulibe naye vuto sopoyu. Nanga aneba anu akuti bwanji?"

Nkhope ya mayi uja inamasuka ngati ndamutula mtolo. "Aa, aneba anga ndiye akudandaula. Akuti sopoyu sauma. Mukudziwa ife tikagula mtanda timaudula, zidutswa zina n'kuika kudenga kuti ziume, zilimbe, zikhalitse. Uyu akuti sabata yonse kudenga, akadali wofewa ngati nthochi."

Sindinaone nthawi imene mwana wanga anasolola cholembera. Ndinangomva mawu ake kumbuyo kwanga, oyamba chichokereni kunyumba.

"Amati akamudula amadula ndi chiyani, amayi?" anafunsa akuyang'ana mayi wamasiye uja.

"Ndi ulusi, mwanangu, kapena mpeni. Koma akuti uyu amanyenyeka."

Anatembenuza pepala lake la tinkhope n'kuyamba kulemba kuseri kwake. Anasendera kwa mayi wotsogolera nyimbo. Sanamufunse ngati sopoyo amamukonda. Anati, "Kunyumba zimene mumazidziwa, mtanda umodzi umagwira ntchito zingati?"

"Zonse. Kuchapa, kusamba, kutsuka mbale, kusambitsa ana. Pali amene angagule sopo wa mbale payekha kuno?"

Mwana wanga anaima kaye. Pepala lake lonse linali la kuchapa zovala basi. Anakulira m'nyumba mwanga momwe mtanda umodzi unkachita zonsezo, koma zaka za m'tauni zinamuiwalitsa. Ndinaona manyazi akumudutsa pankhope, kenako analemba msangamsanga.

Ndiye anayamba kuyenda mwala ndi mwala, siketi atakwinyira m'mawondo, mafunso akubadwa pomwepo. Apongozi anu atakutumani sopo, mungawagulire uyu? Mukanakhala kuti mukugulitsa pa okala, anthu akanabweranso kudzamufuna? Pa zimene mwamva anthu akunena, chimene chikutchulidwa kwambiri n'chiti? Amayi ankalimbirana kuyankha. Za tiyi womveka maluwa zinatuluka. Za makoswe zinatuluka. Wina anati akumva kuti bambo ena anafunsidwa ndi akazi awo kumene anatenga fungo la mafuta achizimayi, pamene malayawo anachapa ndi akazi awo omwewo. Atanena zimenezo onse anayang'ana alamu, alamu n'kuyang'ana madzi.

Zabwino zinatulukanso, ndipo zinali zoona tsopano. Akuti dothi lofiira la kuno, limene limakanirira pa yunifolomu za ana, sopoyu amalichotsa osakhulitsa nsalu pamwala. Akuti ngakhale madzi a pamjigo amachita nawo thovu.

Abwana ankangoyang'ana mwana wanga akugwira ntchito, nthawi zina n'kusuzumira zimene akulemba. Mapepala atadzaza kuseri konse, anaimirira n'kukutumula fumbi.

"Lolemba ndikufuna pepala latsopano pa tebulo langa," anamuuza. "Nkhope zichepe. Za aneba zilowe. Zinazo tikakambirana kuofesi."

Pokwera galimoto ndinawapatsa thumba la mbatatesi. Anakana, akuti zingaoneke ngati ziphuphu. Ndinati ndiye tengani manachesi, manachesi si ziphuphu. Anaseka n'kutenga. Mwana wanga anangoti, "Tsalani bwino, amayi," mwaulemu wonse, ulemu wowawa uja umene mwana amakupatsa akakwiya.

Sabata ziwiri sanaimbe foni. Ine sindinamuimbirenso, ndinadziwa kuti chilonda sachikanda. Lachinayi ndinaimirira pamaso pa amayi anzanga n'kupepesa kuti ndinawaphunzitsa bodza kuseri kwa nyumba ya Mulungu. Anandikhululukira mosavuta, mwina chifukwa onse anaimba nawo. Alamu okha anati iwo sakuona chimene analakwa, popeza mawu anali abwino ndipo kampani ikufunikadi madalitso.

Sabata yachitatu foni inalira. Mwana uja anati sanamukhazike nthawi yomweyo. Anamuonjezera mwezi wina woyesedwa, chifukwa wofufuza sayenera kuonetsa pepala kwa munthu wokhala pakati pa oyankha, ngakhale akhale mayi ake. Mwezi umenewo unali wanga, koma anausenza ndi iye. Ndinasala kudya Lachitatu lililonse mpaka unatha. Utatha anamukhazika. Anandiuzanso kuti abwana aika lamulo loti iye asadzayesenso mafunso m'mudzi uliwonse umene ine ndingafikeko wapansi.

"Ndiye kuti ku Matandani kulinso koletsedwa," ndinatero, "chifukwa ndimafikako."

Anaseka. Kuseka kumeneko ndinakudikira masabata ambiri, ndipo nditadula foni ndinagwada pomwepo pakhonde.

Pa Khirisimasi anabwera kudzacheza. M'chikwama munali mtanda wa sopo uja, koma atamusintha. Fungo linali litachepa, ndipo ukamukanikiza ndi chala sankalowa. Anandionetsanso pepala limene linayenda m'maboma ena. Anandilozera funso lachisanu ndi chiwiri: "Kodi anthu ena amene mumawadziwa akuti chiyani za sopoyu?"

"Limeneli kuofesi amalitchula kuti funso la amayi," anatero.

Ndinaliwerenga kawiri, pang'onopang'ono, ndi chala. Ine wa Sitandade 7, funso langa kukwera galimoto kukafika kumene mwini wakene sindinafikeko. Mulungu amatha kutola chinthu pamalo pamene iwe unagwera.

Ndinagwiritsa ntchito sopoyo masiku anayi. Tsiku loti abwerera, tili pakhonde ndi alamu tikusenda nandolo, mwana uja anakhala pafupi nane n'kutulutsa cholembera mwachinyengo.

"Amayi, apa si za ntchito, ndikungofuna kudziwa. Sopo watsopanoyu mukumuona bwanji? Munene zoona. Ndine mwana wanu, si mlendo."

Ndinamuyang'ana. Mwana wanga ndithu, koma sopo anabwera naye ndi iyeyo, kuchokera kutali, atamukulunga bwino m'pepala.

"Ine ndilibe naye vuto," ndinatero. "Ndi wabwino kwambiri. Kungoti alamu angawa akuti thovu lachepa."

"Ine?" alamu anatero, nandolo ali m'manja. "Sopoyo simunandigawireko n'komwe."

Mwana wanga analemba.